Timu ikamathamangira kukwera ligi, ngongole imatsala pamsika

Kapepala ka zopereka za timu kakamazungulira pa Jali kapena padooko la Kachulu, kamayambira kwa anthu omwewo: mwini golosale, mayi wopikulitsa matemba, wachigayo cha mpunga ndi mnyamata amene ali ndi njinga zamoto ziwiri za kabaza. Nkhani yake imakhala yakuti timu ya m'deralo yatsala pang'ono kukwera ligi, ikungosowa womwetsa zigoli mmodzi ndi goloboyi wodziwa ntchito, ndipo alipo anyamata awiri kutauni amene angabwere ndalama itapezeka. Wokana amaoneka ngati wosakonda kwawo, choncho ambiri amapisa m'thumba. Ena sapereka ndalama, amapereka katundu pangongole: thumba la mpunga, mafuta a galimoto, nsima ya osewera pambuyo pa masewero.

Kuthandiza timu si kulakwa. Tsiku la mpira zitumbuwa, nzimbe ndi mafirizesi zimayenda malonda, ndipo akabaza sapuma. Koma ndalama yogulira osewera n'cholinga chokwera ligi ndi ina, ndipo wamalonda ayenera kuiyang'ana ndi diso lomwe amayang'anira mpamba wake. Kukwera ligi kumayamba kwakweza zolipira kusanakweze zolowa, ndipo timu ikagwa m'ngongole, amene amatsala m'madzi ndi wapamsika amene adakongoza. N'chifukwa chake malamulo oletsa matimu kuwononga ndalama zomwe alibe, amene masapota ambiri amadana nawo, ali kumbali ya wamalonda.

Chitsanzo chili pafupi. Red Lions ya ku Zomba ndi timu ya asilikali, ili ndi galimoto, malo ogona komanso osewera ambiri amene amalandira malipiro a ntchito yawo ya usilikali. Chikhalirecho mu 2023 idatuluka mu Super League pamodzi ndi Blue Eagles ya apolisi ndi Extreme FC, yomwe idali itangolowa kumene chaka chomwecho. Mu 2024 malo a timu yokwera kuchokera kummwera adapita kwa Ekhaya FC. Mwa matimu atatu amene adalowa ligi yaikuluyi mu 2024, awiri, FOMO FC ya ku Mulanje ndi Baka City ya ku Karonga, adabwerera komwe adachokera ligi itangotha. Ngati timu yodalira boma ikutha kugwa n'kuvutika kudzuka, timu yodalira matemba iyenera kuwerenga kawiri isanalonjeze munthu malipiro a mwezi ndi mwezi.

Masamu ake ndi osavuta. Super League ili ndi matimu 16, kutanthauza masewero 30 pa timu iliyonse, ndipo 15 mwa iwo ndi akoyenda. Ulendo wochoka ku Zomba kukafika ku Karonga ndi wopitirira makilomita 700, kupita kokha, ndi gulu la anthu oposa 20 ofunika kudya, kugona ndi kubwerako. Kale timu yaing'ono inkakumana ndi maulendo oterewa ikafika pamwamba penipeni. Kuyambira 2025, pomwe bungwe la FAM lidakhazikitsa National Division League mothandizidwa ndi NBS Bank, maulendo a dziko lonse akuyambira pa sitepe yachiwiri. Ligi yatsopanoyi ndi yabwino pa mpira, koma kwa wolipira mafuta ikutanthauza kuti phiri layandikira.

Ndiye pali bwalo. Timu ikakwera, bwalo la pasukulu lomwe imasewererapo silivomerezedwa, imakachita lendi kwina. Red Lions yomwe idakhala zaka ikulandirira alendo ake kunja kwa Zomba pomwe bwalo la mumzindawo linkamangidwa. Apa wamalonda wa kwa Mwambo aganize bwino: timu imene wathandiza kukweza ikasamukira kubwalo lakutali, khamu la anthu lija lomwe linkamugula mandasi Loweruka ndi Lamulungu limasamuka nayo. Wapereka ndalama kuti makasitomala ake apite kwina.

Vuto lalikulu kwa Mwambo ndi kumene ndalamayo imachokera. Chuma cha kumeneko chimayenda ndi nyengo. Matemba, makumba ndi mlamba zikamagwidwa, ndalama imaoneka. Mpunga wa ku Likangala ukakololedwa, misika imadzadza. Nyanja ikatsekedwa m'nyengo yamvula kuti nsomba ziswane, matumba amauma. Ndipo nyanja ya Chilwa ili ndi khalidwe lake: idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato adakhalanso pamatope. Malipiro a wosewera sadziwa zimenezo. Amabwera mwezi uliwonse, nyanja kaya yadzadza kaya yaphwa. Kulonjeza zolipira zosasintha podalira ndalama yobwera mwa apo ndi apo ndi msampha womwe wamalonda aliyense amaudziwa kale, chifukwa ndi womwe umagwira amene watenga katapila m'mwezi wa phindu n'kumabweza m'mwezi wa njala. Onjezanipo kugwa kwa kwacha. Mu November 2023 idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1 180 kufika pa K1 700, ndipo nsapato za mpira, mipira ndi yunifomu, zonse zochokera kunja, zidakwera nthawi yomweyo pomwe zopereka za anthu zidali zomwe zija.

Amene amaonera mpira wa ku England m'mavidiyo sho amadziwa kuti matendawa sasankha wosauka. Kumeneko mu 2023 timu ya mu Premier League sinkaloledwa kuluza mapaundi oposa 105 miliyoni pa zaka zitatu, ndipo mu ligi yachiwiri, ya Championship, malire adali 39 miliyoni. Everton idalandidwa mapointi 10 mu November 2023, ndipo itachita apilo adatsitsidwa kufika pa 6. Koma nkhani yomwe ikukhudza kwambiri wamalonda ndi ya Nottingham Forest. Timuyi idakwera mu 2022 n'kugula osewera oposa 20 pamsika umodzi poopa kutuluka. Popeza zaka ziwiri mwa zitatuzo idali mu ligi yachiwiri, malire ake adali mapaundi 61 miliyoni, ndipo idawadumpha ndi 34.5 miliyoni. Njira yothawira idalipo: kugulitsa Brennan Johnson, mnyamata woleredwa ndi timu yomweyo, mabuku a chaka asanatsekedwe pa 30 June 2023. Eni timu adakana mitengo yomwe idalipo, adadikira, ndipo pa 1 September adamugulitsa ku Tottenham pa mapaundi 47.5 miliyoni. Mtengo adaupeza wabwino, koma miyezi iwiri mabuku atatsekedwa kale, ndipo mu March 2024 adalandidwa mapointi 4. Mayi aliyense amene adasungapo mpunga kudikira mtengo wa mu January pomwe tsiku lobweza ku banki m'khonde lili mu November akuimva nkhaniyi popanda womasulira.

Forest idapulumuka. Derby County sidapulumuke. Idathamangitsa kukwera kwa zaka zingapo, idagonja kwa Aston Villa pa masewero omaliza olimbirana malo mu 2019, idabweretsa Wayne Rooney, kenako mu September 2021 idalephera kulipira ngongole zake n'kuikidwa m'manja mwa oyendetsa makampani ogwa. Idalandidwa mapointi 21 m'chaka chimodzi ndipo m'malo mokwera idatsikira mu ligi yachitatu. Chomwe sichikambidwa kawirikawiri ndi ndondomeko ya kabwezedwe ka ngongole zoterezi. Ku England osewera ndi matimu anzawo ndiwo amalipidwa koyamba, zonse. Ogulitsa zakudya, eni mabasi ndi ena operekera katundu amalandira gawo chabe. Ngati zili choncho kudziko la makhoti ndi mapepala, nanga mayi amene adaphikira timu nsima miyezi itatu pongomvana pakamwa angayembekezere chiyani?

Ku South Africa, komwe Amalawi ambiri amakagwira ntchito, ena adapeza njira yachidule: kugula malo a timu ina mu ligi yaikulu. Bidvest Wits idagulitsidwa motero mu 2020 ndipo Bloemfontein Celtic mu 2021, matimu onse awiri amene Gabadinho Mhango adawasewererapo. Royal AM, yomwe idagula malo a Celtic, idaletsedwa ndi FIFA kulembetsa osewera atsopano kaamba kosalipira Samir Nurković, ndipo mu 2025 idachotsedwa mu ligi.

Kuno ku Malawi lamulo lomwe lilipo ndi la ziphaso za matimu, lochokera ku CAF. Timu isanaloledwe kusewera mu ligi yaikulu iyenera kuonetsa zinthu zisanu: zamasewero monga timu ya achisodzera, bwalo, antchito ndi ofesi, kulembetsedwa mwalamulo, komanso mabuku a zachuma oonetsa kuti ilibe ngongole zodutsa nthawi kwa osewera, antchito ndi matimu ena. Odandaula amati malamulowa amakomera akuluakulu, ndipo dandaulo lawo lili ndi mutu. Silver Strikers ili ndi Reserve Bank kumbuyo kwake, Bullets ndi Wanderers zili ndi makampani, matimu a asilikali ndi apolisi ali ndi boma. Kuuza timu ya kumudzi kuti ingowononga zomwe imapeza kuli ngati kuiuza kuti ikhale pomwepo mpaka kalekale.

Koma dandauloli likusokoneza zinthu ziwiri, mphatso ndi ngongole. Munthu wachuma akafuna kuthira ndalama zake m'timu, athire. Palibe wovulala, bola alembe kuti ndi mphatso ndipo sadzaifunanso tsiku lomwe adzakwiye. Chomwe chimapha matimu ndi malonjezo: ndalama yosayinira yomwe idzaperekedwe nsomba zikayamba kugwidwa, bonasi yomwe idzachoke pa mphoto yomwe timu sinapambane, basi yomwe idzalipidwe ndi zapachipata za sabata ya mawa. Lamulo loletsa zimenezi silitchinga timu yaing'ono kukwera. Limaitchinga kukwera pamsana pa anthu amene sadafunsidwe. Cholakwika cha dongosolo lomwe lilipo n'chakuti limagwira timu ikafika kale pamwamba, pomwe ngongole zimayambira pansi, m'maligi a m'maboma ndi m'zigawo. FAM ndi mabungwe ake a m'zigawo angachite bwino kutsitsa lamuloli mu mtundu wosavuta. Palibe akufuna akauntanti wa digiri pa Kachulu. Kope limodzi la zolowa ndi zotuluka, akaunti ya timu yosayinira anthu atatu, ndi kalata ya osewera yotsimikiza kuti alibe nayo ngongole isanalembetse wosewera watsopano, n'zokwanira. Magulu a banki m'khonde amachita zoposa pamenepa sabata iliyonse, pansi pa mtengo wa mango.

Funso lina ndi lakuti ndalama ikapezekadi, igule chiyani. Wosewera waganyu, wotengedwa kutauni kuti athandize masewero asanu omaliza, ali ngati nsomba yaiwisi: ikapanda kugulidwa lero, mawa palibe chotsala. Akamwetsa zigoli timu n'kukwera, mtengo wake umakwera nayo. Ikapanda kukwera, amakwera minibasi. Timu sitsala ndi kanthu koti n'kugulitsa. Katundu wosungika ndi mnyamata wa m'mudzi momwemo amene timu yamulera, koma pokhapokha ngati adalembetsedwa. Malamulo a FIFA amati wosewera wa kontirakiti akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, 5 peresenti ya mtengowo igawidwe kwa matimu amene adamuphunzitsa kuyambira zaka 12 mpaka 23. Ndalamayi imatsata mbiri yolembedwa ya wosewerayo. Timu yomwe sili pansi pa FAM, kapena yomwe sidavutike kulembetsa ana ake, siipeza ngakhale mudzi wonse utachitira umboni kuti mwanayo adaphunzirira mpira pabwalo lawo. N'zomvetsa chisoni kuti komiti imatha kusonkhetsa ndalama zambiri za mlendo wa miyezi iwiri n'kulephera kulembetsa anyamata 20 akeake.

Kontirakiti nayo imaluma mbali zonse. Pa malamulo omwewo a FIFA, wosewera amene sanalandire malipiro a miyezi iwiri angathe kupereka chenjezo la masiku 15 n'kuchoka mwaulere, ndipo timu imatsalabe ndi ngongole yake. Wosakwana zaka 18 sangasayinitsidwe kupitirira zaka zitatu. Kusayinitsa osewera ambiri kuposa amene timu ingawalipire, ndiye kuti ikukonzekera kutaya ndi omwe akadaibweretsera ndalama.

Tsono kapepala kaja kakafika pa benchi, wamalonda ali ndi ufulu wofunsa mafunso omwe angafunse mnzake wobwereka mpamba. Ndalamayi ndi yogulira wosewera, nanga malipiro ake a mwezi wa mawa achokera kuti? Timu ikakwera, ulendo woyamba wakutali alipira ndani, ndipo masewero apakhomo adzachitikira kuti? Kope la zopereka za chaka chatha lili ndi yani? Komiti yoyenda bwino sikwiya ndi mafunso amenewa, imatulutsa kope. Ndipo wofuna kupereka apereke kuchokera pa phindu, ndalama yomwe angathe kuiiwala, osakhudza mpamba. Akafuna kuti imubwerere mwa njira ina, apemphe kuti dzina la golosale yake lilembedwe pa yunifomu kapena apatsidwe malo ogulitsira pachipata cha bwalo, ndipo zimenezo zilembedwe. Katundu yekha, mpunga, mafuta kapena ulendo wa lole, apite pa kashi, ndipo ngati n'kosatheka, pakhale pepala la tsiku lobweza losayinidwa ndi wapampando ndi msungichuma m'maina awo, chifukwa matimu ambiri a m'midzi sadalembetsedwe ngati kampani ndipo timu ikatha sipakhala woti n'kumusumira.