Tunyama twa mu kakhola tusakhale pafupi na vakudya pa msika

Amai na atate a pa Soweto, City Market, Chisokone na Kapata, pali bizinesi imene imaoneka yopepuka: kugulitsa tunyama tung'ono tochokera kunja, monga hamster, mbira za mitundumitundu na tunungu tuja azungu amati hedgehog. Kakhola kamodzi chabe, ana a mabwana akonda, ndalama yalowa. Ife tikuti yambani mwamva vimene vinachitika kwina.

Ku America, mu 2018 na 2019, anthu 54 m'maboma 23 anadwala Salmonella kuchokera ku tunungu toweta m'nyumba. Kanyama kamakhala kosangalala, kakudya bwinobwino, koma tuzilombo tuli mu ndowe zake. Wagwira kanyama, wagwira khola, wagwira chitumbuwa, basi. Pakapita maola kapena masiku ochepa, kutsegula m'mimba na kutentha thupi kwayamba, ndipo ana osakwana zaka 5 na nkhalamba ndiwo amagwa msanga. Ku Japan mu 2005, antchito awiri a kampani yogulitsa nyama anadwala leptospirosis atagwira agologolo ouluka ochokera ku America. Matenda amenewo amayenda na mkodzo wa nyama. Ku Colorado mu 2004, mwana wa zaka 3 anadwala tularemia hamster atamuluma.

Awo ni maiko ali na madokotala a nyama pa mabwalo a ndege akuluakulu, na malabu osagona. Manje ganizirani katoni yopisidwa pansi pa mpando wa basi pa Nakonde kapena pa Chirundu, pakati pa mabelo a salaula. Ndani aitsegula?

Lamulo lilipo. Animal Health Act ya 2010 ifuna kuti nyama yolowa mu Zambia ikhale na chilolezo cha a Veterinary. Funso lathu kwa unduna wa Fisheries and Livestock ni ili: pa maboda athu pali anthu angati oyang'ana tunyama tung'ono, ndipo akakagwira amakasunga kuti, amakapima chiyani? Ng'ombe na nkhumba amaziona chifukwa ni zazikulu. Kanyama kokwana m'thumba la jekete kamangodutsa. Ayankhe poyera, m'chilankhulo chimene wogulitsa kapenta angamve.

Ndipo sitiyenera kupita ku Japan kuti tidziwe zimene makoswe amanyamula. Ku Nyimba mu 2015 kunabuka mliri wa plague, umene umachoka ku makoswe kudzera mu utitiri. Makoswe athu omwe a pa msika, aja oyenda pa matumba a unga na nyemba usiku, mkodzo wawo umatsikira m'ngalande zotseka mvula ikagwa, ndipo inu mumaponda momwemo na patapata. Levy mulipira tsiku na tsiku. Zinyalala zichotsedwe, ngalande zitsegulidwe, ndiyo ntchito ya ndalama ija.

Chifukwa chake tikulankhula na inu ni chakuti matenda a m'mimba akabuka, woyamba kulangidwa ni marketeer. Mukumbukira January 2018 nthawi ya kolera: asilikali mu tauni, ma stand kugwetsedwa, Soweto kutsekedwa, tomato kuwolera m'mabokosi, chilimba kuima. Palibe anafunsa kuti lendi mulipira bwanji. Mwana wa kasitomala akadwala Salmonella, sadzanena kuti ni hamster wa pa stand ya neba. Adzati ni vitumbuwa vya amai aja.

Ndiye wina akabwera kuti "nisungileniko kakhola pa stand yanu, nibwela manje manje", kanani ngati mugulitsa vakudya. Ogulitsa akalulu na mbira akhale mbali yawo, kutali na nsomba, ndiwo zamasamba na malo ophikira nsima. Mukagwira kanyama sambani na sopo, ndipo khola musatsukire pa mpopi umene anzanu atapa madzi ophikira. Kakakulumani, pitani ku kiliniki ndipo muwauze a nesi kuti ni kanyama kotani. Wogulitsa kanyama ka kunja mufunseni pepala la a Veterinary. Ngati alibe, kauzeni a cheyamani a msika tsiku lomwelo.