Madokotala athu aphunzire thupi la nkhalamba

Ife amene timayendera odwala m'miphakati ya ku Kabwata ndi ku Chelstone tikudziwa kuti nkhalamba sidwala monga mnyamata. Cibayo cingabwere popanda thupi kutentha. Mtima ungadwale popanda cifuwa kuwawa. Matenda a m'cikhodzodzo, kapena kucepa kwa madzi m'thupi, angasokoneze mutu wa ambuya tsiku limodzi, mwakuti aiwala ndi maina a adzukulu ao. Kumudzi ena athamangira kunena kuti ndi ufiti. Ku kajuwoti nako, dokotala wotopa amene sanaphunzire izi angangoti ndi ukalamba, nawabweza kunyumba ndi panado. Onse awiri aphonya matenda ocizika.

Sitikunyoza madokotala, nchito yao njolemetsa. Koma kwa zaka zambiri mphamvu za dziko zinapita ku ana, azimai apakati, malungo ndi Edzi, ndipo kunali koyenera. Tsopano amene anayamba kulandira ma ARV aulele mu 2005 ali ndi imvi, ndipo ena awonjezera mankhwala a BP ndi a shuga. Impso za munthu wa zaka 75 sizicotsa mankhwala msanga, conco mlingo wothandiza mwana wake ungamugwetse iye. Kugona maola ambiri pa kabedi kouma, popanda womutembenuza kapena kumupatsa madzi, kumabala zilonda ndi cisokonezo.

Boma linakhazikitsa ndondomeko ya okalamba mu 2015. Tikupempha kuti ifike m'kalasi. Sukulu ya udokotala ya UNZA ku Ridgeway ndi yunivesiti ya Levy Mwanawasa ziphunzitse wophunzira aliyense kupima nkhalamba, ndipo alembe mayeso pa zimenezi. Tisayembekeze akatswiri owerengeka. Usiku, makolo athu amakumana ndi manesi ndi makiliniko ofisa a ku Chilenje, Matero kapena Kanyama asanafike ku UTH. Amenewa ndiwo ayambe kuphunzitsidwa. A ku Kabulonga ndi Woodlands asaganize kuti ndalama zidzawapulumutsa, pakuti dokotala wa cipatala colipira anacokera m'kalasi yomweyo.

Nafenso abale tili ndi mbali yathu. Popita ndi agogo ku cipatala, tengani mapaketi onse a mankhwala amene akumwa, ndi acikuda omwe, musacite manyazi. Tengani magalasi ao ndi khadi la ku kiliniki. Muuzeni dokotala momveka kuti dzulo analima ndi kuceza bwino, kusokonezeka kwayamba lero m'mawa.