Njinga yomwe ikutha nkhalango ya Mvai ingathenso kuipulumutsa

Aliyense woyenda pa msewu wa M1 kudutsa ku Ntcheu amaziona njinga zitasenza matumba a makala. Ena mwa makalawo ndi mitengo ya m'nkhalango za Mvai ndi Dzonzi. Zotsatira zake tidaziona mu 2018 pomwe damu la Mpira lidaphwa, mipopi mpaka ku Balaka n'kuuma gwa!

Kulanda njinga ndi makala kokha sikungathetse vutoli, poti wootchayo akufuna chakudya. Ife tikuti njinga yomweyo impatse ndalama mitengo ili chiimire.

Kunjaku alendo amalipira kuti apalase njinga m'nkhalango ndi m'mbali mwa mitsinje. Nanga Ntcheu ikusowa chani? Mapiri alipo, mitsinje ya Rivirivi ndi Livulezi ilipo, msika wa Lizulu ulipo. Pa Nkolimbo pamachitika Umhlangano wa Angoni a Maseko.

Khonsolo ndi a zankhalango akhale pansi ndi mafumu, asankhe njira zakumidzi, aikemo zikwangwani. Pa M1 ayi, malole ndi oopsa. Anyamata a kabaza, omwe amadziwa kanjira kalikonse, aphunzitsidwe kuperekeza alendo. Inu a geni, mlendo wotopa amafuna chipisi, madzi, pogona ndi wom'matira tayala. Ophunzira, tchuthi chikubwerachi yambani ndinu.

Koma ndalama zolowera m'nkhalango zizifika kumudzi, zisathere m'maofesi. Zikapanda kufika, nkhwangwa siigona, ndipo madzi akatayika saoleka.