Abusa, Dokotala Si Mneneri

Akonzi,

Abusa amene analemba sabata yatha akuti poti nzeru za munthu zili ndi malire, dokotala ndi mneneri ndi amodzi, onse amangokhulupirira. Ayi abusa, pamenepo mwatiputa dala.

Inde, sayansi sidziwa zonse. Koma ikudziwa kuti kolera imafala ndi madzi oipitsidwa ndi zimbudzi. John Snow anasonyeza zimenezi ku London mu 1854, ndipo wokayika angathe kutunga madzi n'kukawapimitsa yekha. Nanga maloto a mneneri tingawapime ndi chiyani?

Ife a ku Matero tinaona ndi maso. Mu January 2024 odwala kolera anakawagoneka ku Heroes Stadium, kufupi konkuno. Anawadzutsa ndi madiripi komanso madzi a mchere ndi shuga. Ku Kanyama, kumene zitsime zosazama zayandikana ndi zimbudzi zokumba, chofunika ndi kolorini m'chigubu, osati ulaliki woti palibe amene akudziwa zenizeni.

Kutchalitchi inenso ndimapita, ndipo pemphero sindilikana. Koma lekani kuphunzitsa nkhosa zanu kukayikira anamwino. Dzinja likubwera, uzani mpingo uziwiritsa madzi akumwa.

Wowerenga wanu,
Matero, Lusaka