Thabwa silichedwetsa galimoto

Pali matenda amene agwira anthu ochita mipikisano ya galimoto pa kompyuta, ndipo dzina lake ndi kunyoza thabwa. Munthu akhome chimango chake cha matabwa, amangirepo chiwongolero ndi zopondera, aikepo mpando wa galimoto yakutha, kenako aonetse anzake. Mayankho ake timawadziwa kale. Wina amati ndi zoyambira chabe, akadzapeza ndalama adzagula zenizeni. Wina amati chikuoneka ngati khola la nkhunda. Waulemu pang'ono amati asadandaule, tonse tinayambira pomwepo, ngati akupepesa maliro. Ine ndikukana. Chimango cha matabwa chokhomedwa bwino ndi chida chokwanira pa ntchito yake, ndipo ambiri amene amachinyoza akungoteteza ndalama zimene anawononga okha.

Kwa inu amene masewerawa ndi achilendo, ndifotokoze pang'ono. Gran Turismo inatuluka mu 1997, iRacing mu 2008, Assetto Corsa mu 2014. Masewera amtunduwu amayesetsa kutsanzira mmene galimoto yeniyeni imachitira: mmene matayala amagwirira msewu, mmene kulemera kumathamangira kutsogolo ukaponda buleki, mmene kumbuyo kumatererekera ukaponda moto msanga pakona. Chiwongolero chake chili ndi mota mkati, ndipo motayo imakankhana ndi manja ako. Matayala akutsogolo akayamba kutaya msewu, chiwongolero chimapepuka, manja n'kudziwa maso asanaone. Vuto n'lakuti ukachimangirira patebulo lowerengerapo, tebulolo limagwedera n'kumeza uthenga wonsewo. Ukakhala pampando wamba, kuponda buleki kumakukankhira kumbuyo. N'chifukwa chake pamafunika chimango, chomwe osewera amachitcha rig kapena cockpit. Ntchito yake ndi imodzi: mpando, chiwongolero ndi zopondera zisasunthe, chilichonse chikhale pamene unachiika. Basi.

Masiku ano chimango cholemekezeka ndi cha mipiringidzo ya aluminiyamu yokhala ndi mizere yolowetsamo mabawuti. Ogulitsa ndi otsatira awo amati thabwa limapindika, makamaka ukaikapo chiwongolero champhamvu, chija chomangidwa pa mota mwachindunji popanda malamba kapena magiya. Tiyeni tiwerenge. Mphamvu yopotokola ya ziwongolerozi imayezedwa mu Nm. CSL DD ya Fanatec, imene inabwera mu 2021, imapereka 5 Nm, ndipo ukaiwonjezera magetsi imafika 8 Nm. Simucube 2 Pro, yomwe ili m'gulu la zodula kwambiri, imafika 25 Nm. Pa chiwongolero cha masentimita 30 m'mimba mwake, 8 Nm ikufanana ndi kulemera kwa makilogalamu 5 ndi theka m'mphepete mwake, ndipo 25 Nm ndi makilogalamu 17. Chidebe cha madzi cha malita 20, chimene ana asukulu amasenza m'mawa uliwonse, chimalemera kuposa pamenepo. Kodi thabwa lomwe limanyamula denga lamalata mphepo ya mkuntho ikuwomba, lomwe limanyamula anthu awiri akuluakulu pabedi zaka makumi awiri, ligonje ndi chidebe chosadzaza?

Wina anena kuti nkhani si kuthyoka, nkhani ndi kugwedera pang'onopang'ono kumene kumabisa uthenga wa matayala. Iyi ndi mfundo yoona, ndipo yankho lake lili m'kakhomedwe. Chimango chimagwedera polumikizira. Nsanamira ziwiri zoimirira ndi thabwa lopingasa pamwamba zimapanga makona anayi, ndipo makona anayi amapendama, akhale a paini kapena a chitsulo. Ukaikapo thabwa lopendekera kuchokera pamwamba pa nsanamira kufika pansi, wapanga makona atatu, ndipo makona atatu sapendama pokhapokha china chithyoke. Kalipentala aliyense amene anakhomapo denga amadziwa zimenezi ngakhale sanalowepo m'kalasi ya sayansi.

Mphamvu yaikulu kwambiri pachimango imachokera ku mwendo. Buleki yabwino imayeza mmene ukukankhira mwamphamvu, osati mtunda umene phazi layenda, ndipo anthu amaiponda ndi mphamvu ya makilogalamu makumimakumi. Phazi limakankha zopondera kutsogolo, msana umakankha mpando kumbuyo. Ngati zonse ziwiri zamangidwa pa matabwa awiri aatali omwewo, matabwawo amakokedwa motsata utali wake, kumene kuli kolimba kwambiri kwa mtengo uliwonse. Yesani kudula thabwa la 2 by 4 polikoka ngati chingwe, mudzandiuze.

Amene akuganiza kuti mtengo ndi liwiro siziyendera limodzi awerenge mbiri. Ndege yankhondo ya de Havilland Mosquito, imene inauluka koyamba mu 1940, inali yamatabwa mbali yaikulu, ndipo inali m'gulu la ndege zothamanga kwambiri za nthawi yake. Frank Costin, amene anagwirapo ntchito ku de Havilland, anayambitsa kampani ya Marcos pamodzi ndi Jem Marsh mu 1959, ndipo magalimoto awo oyamba anali ndi chimango cha plywood. Jackie Stewart, amene pambuyo pake anakhala katswiri wa dziko lonse wa Formula 1 katatu, anathamangitsapo Marcos ali mnyamata. Kampani ya Morgan ku England mpaka lero imagwiritsa ntchito mtengo pomanga thupi la magalimoto ake. Ngati plywood inapirira makona enieni ndi mabampu enieni, singalephere kugwira mpando m'chipinda chogona.

Kakhomedwe kake si chinsinsi. Changa ndinakhoma ndi kalipentala wa pafupi ndi pamene ndimachita lendi, ndipo tinatha Loweruka limodzi. Pansi pali matabwa awiri a paini wouma a 2 by 4, aatali pafupifupi mita ndi theka, olumikizidwa ndi ena opingasa. Mpando ndi wa galimoto yakutha, wogula kwa ogulitsa masipeya, ndipo tinautenga ndi njanji zake kuti uzisuntha monga umachitira m'galimoto. Pokhala chiwongolero ndi popondera tinaphatikiza zidutswa ziwiri za plywood ya mamilimita 18 ndi guluu. Polumikizira ponse pali mabawuti a M8 ndi mawashala, chifukwa misomali imakhwefuka ikamagwedezedwa tsiku ndi tsiku. Logitech G29 ili ndi mabowo a mabawuti a M6 kunsi kwake, ndiye sipafunika kudalira zopanira zake zapulasitiki. Miyeso inachokera pathupi langa: ndinakhala pampando, mapewa atatsamira, ndipo tinaika chiwongolero pamene mfundo ya dzanja imafika pamwamba pake, zopondera pamene bondo limakhala lopindika pang'ono buleki itapondedwa mpaka mapeto. Giya ili kumanzere, monga m'magalimoto a m'misewu yathu.

Nanga ngati masamu ndi mbiri zili kumbali ya thabwa, chinyozochi chikuchokera kuti? Thorstein Veblen analemba mu 1899, m'buku lake la The Theory of the Leisure Class, kuti anthu amagula zinthu zina pofuna kuti ena aone kuti angathe kuzigula. Chimango cha aluminiyamu chakuda, chowala ndi magetsi amitundumitundu, chimalankhula pachithunzi: mwini wake ali ndi ndalama. Chimango cha matabwa chimanena kuti mwini wake ali ndi sowo. Zithunzi zoterezi zikachuluka, wongoyamba kumene amaphunzira kuti kukhala woyendetsa weniweni n'kukhala ndi katundu, ndipo ambiri onena za katunduyo pa YouTube amadyera pomwepo, chifukwa opanga amawatumizira zida kapena amawapatsa kangachepe pa chilichonse chogulidwa kudzera mwa iwo. Palibe amene amalandira kangachepe ukagula paini kumsika. Wotchi yoyeza nthawi ilibe maso, ndipo sidziwa chimene wakhalira. Imangodziwa pamene unaponda buleki ndi pamene unaisiya.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikuposa kukangana za mipando. Mpikisano wa galimoto zenizeni ndi masewera a ana a olemera. Mwana amayamba ndi timagalimoto ta kart ali ndi zaka zosakwana 10, makolo akulipira matayala, injini ndi maulendo. Bambo a Lewis Hamilton anagwira ntchito zingapo nthawi imodzi kuti mwana wawo asasiye. Ku Africa kuno, mpikisano womaliza wa Formula 1 unachitika ku Kyalami mu 1993. Masewera a pa kompyuta anatsegula kachipata kena. Lucas Ordóñez wa ku Spain anapambana GT Academy yoyamba mu 2008 n'kukhala woyendetsa wolipidwa. Jann Mardenborough, amene anakulira ku Cardiff, anapambana mu 2011 pakati pa anthu pafupifupi 90,000, ndipo ankaphunzirira m'chipinda chake pa chimango cha matabwa chimene anadzipangira yekha. Mu 2013 anali wachitatu m'gulu la LMP2 pa mpikisano wa maola 24 ku Le Mans. Anthu anakhamukira kukaonera kanema wa moyo wake mu 2023, ndipo ena mwa iwo ndi omwewo amene amaseka mnyamata akaonetsa chimango chake cha paini. Kachipata kameneka kanatseguka chifukwa mtengo wolowera unali wotsika. Aliyense wonena kuti popanda aluminiyamu sunayambe akukweza mtengowo, akutsekera kunja anthu omwewo amene kachipatako kanawathandiza.

Kwathu kuno chinyozocho chimafika poseketsa. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndalama zakunja n'zosowa. Chimango cha aluminiyamu ndi katundu wolemera, wodzera padoko la Beira kapena Dar es Salaam, kapena pandege, n'kulipirira msonkho pamwamba pake. Chiwongolero ndi zopondera sitingachitire mwina, tiyenera kuitanitsa, pakuti muli mota ndi zamagetsi zimene sitipanga. Koma chimango? Paini ali ku Chikangawa, akalipentala ali ku Ndirande ndi pafupifupi msika uliwonse, mipando ya magalimoto akutha ili mbwee m'magalaji. Kutumiza madola kunja kukagula chinthu chokhacho chimene mnansi wako angakupangire bwino ndi kudzinyoza. Ndalama zimenezo zikanagula buleki yabwino, yomwe ndi imene imasinthadi nthawi yako.

Ndife anthu omwe tinakula tikupinda magalimoto amawaya okhala ndi chiwongolero chachitali chokhotetsa matayala enieni. Timanyadira William Kamkwamba, amene mu 2002, ali ndi zaka 14, anamanga makina amphepo opangira magetsi ku Wimbe ku Kasungu ndi mitengo ya bulugamu ndi zitsulo za njinga. Timamutchula pa zokambirana za m'kalasi, timaombera m'manja kanema wake. Koma mnzathu wa m'chipinda choyandikana akatenga sowo, timamuyang'ana ngati walephera moyo. Sukulu yatiphunzitsa kuti ntchito yamanja ndi ya amene anagwa mayeso, ndipo ife a maphunziro a za umunthu ndife oyamba kulemba za ulemu wa wogwira ntchito kwinaku sititha kukhoma shelefu.

Aluminiyamu ili ndi ubwino wake, ndipo sindiubisa. Ukafuna kukweza chiwongolero ndi masentimita awiri, umangomasula mabawuti n'kusuntha, pamene pathabwa uyenera kuboola bowo lina. Kwa malo a malonda kumene anthu aatali ndi aafupi amasinthana ola lililonse, kapena kwa amene akuika makina ogwedeza mpando wonse, aluminiyamu ndi yoyenera. Koma m'chipinda chako thupi lako ndi limodzi, ndipo silisintha sabata iliyonse. Chiswe ndi chinyezi ndi adani enieni a thabwa, koma vanishi ndi timphira pansi pa chimango zimathetsa nkhaniyo, monga timachitira ndi kabati ya zovala. Za kutha kwa mitengo, chimango chimodzi chimadya matabwa ochepa kuposa bedi, ndipo paini wobzalidwa, mapaleti akale kapena chitseko chakutha n'zokwanira. Palibe amene akunena kuti tikadule mkungudza wa ku Mulanje. Aluminiyamu nayo siigwa kumwamba: kuisungunula kumadya magetsi ochuluka zedi, monga aliyense wodziwa za fakitale ya Mozal pafupi ndi Maputo angakuuzeni.

Otsala ndi aja amati zonsezi ndi zachibwana, munthu wamkulu sakhomera chidole mpando. Max Verstappen anapambana mpikisano wa maola 24 wa Nürburgring pa iRacing ndi anzake a Team Redline mu Meyi 2024, kumapeto a sabata yomweyo imene anapambana Formula 1 ku Imola. Ngati ndi chibwana, ndi chibwana chimene woyendetsa wopambana m'badwo uno amachiona kuti n'choyenera nthawi yake. Ndipo wokhoma chimango amatsala ndi china chimene wogula sapeza m'bokosi: amadziwa kuyeza, kuboola mowongoka, ndi kupeza pamene pakugwedera. China chikamasuka sadikira sitima ya pamadzi, amatenga sipanala.

Ndiye ngati muli ndi chiwongolero chimene chikugwedeza tebulo lanu, musadikire tsiku limene mudzalemere. Pitani kwa kalipentala ndi chojambula chanu, mukhale pampando, akuyezeni, mumulipire mtengo wabwino osamunenerera mpaka alire. Ndipo inu a aluminiyamu, wina akakuonetsani chimango chake cha matabwa, funso loyenera kumufunsa ndi limodzi: wazungulira Spa mu mphindi zingati? Mukatero mutchulenso nthawi yanu.