Chindapusa cha liwiro chizilipiridwa ndi lisiti, osati ndi "ya fanta"

Chikonzedwereni msewu wa M3 pakati pa Liwonde ndi Mangochi ndi thandizo la African Development Bank, monga gawo la njira yonyamulira katundu yolowera kudoko la Nacala, mathiraki opita kuchipata cha Chiponde ngakhalenso ku Monkey Bay akuyenda mosavuta kusiyana ndi kale, koma phula losalalalo labweretsa chiyeso cha liwiro m'malo ngati pa Ulongwe, pamene msika, sukulu ndi mzikiti zili m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Nzosadabwitsa tsono kuti madalaivala ambiri amakumana ndi apolisi apamsewu atatchera kamera yoyezera liwiro, ndipo chimene dalaivala amachita m'mphindi zochepa zotsatira ndicho chimaonetsa ngati lamulo likugwira ntchito kapena lasanduka malonda.

Lamulo loona za pamsewu la 1997, lotchedwa Road Traffic Act, limasiyira dalaivala wogwidwa njira ziwiri zokha zolongosoka. Yoyamba ndi kuvomera mlandu ndi kulipira chindapusa, chomwe ndi ndalama ya chilango yolowa kuthumba la boma, ndipo umboni wake ndi lisiti ya boma yolembedwa tsiku, nambala ya galimoto, mlandu ndi ndalama yonse imene yaperekedwa. Yachiwiri ndi kukana mlanduwo kuti ukazengedwe kukhoti la majisitireti, poti gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu woganiziridwa mlandu ndi wosalakwa kufikira khoti litampeza wolakwa. Wosankha njira yachiwiriyi ayenera kupempha mwaulemu kuti aone nambala imene kamera yaonetsa, alembe malo ndi nthawi, ajambule chikwangwani cha liwiro ngati chilipo kapena malo amene chinayenera kukhala ngati chinazulidwa, ndiponso audze bwana wake msanga kuti asunge zimene kachipangizo kolondola ulendo wa thiraki kalemba, pakuti makampani ambiri onyamula katundu amaika kachipangizoka m'galimoto zawo ngakhale amakakumbukira pokhapokha pamene akufuna kudula malipiro a wantchito.

Njira yachitatu, imene aliyense amaidziwa koma sailankhula poyera, ndi ija yotchedwa "ya fanta", ndalama yopindidwa mkati mwa laisensi n'kuperekedwa pawindo pamodzi ndi mawu akuti "bwana, tithandizane". Oikonda amati ndi yotchipa komanso yachangu, ndipo kunena zoona patsikulo imaoneka choncho, koma lamulo lothana ndi katangale la 1995, lomwe linakhazikitsa bungwe la Anti-Corruption Bureau, limapeza wopereka chiphuphu wolakwa mofanana ndi wolandira, kotero kuti dalaivala amene anali ndi mlandu wa chindapusa chabe amadzisenzetsa mlandu wopita nawo kundende. Choipa chinanso nchakuti thiraki imene yapereka kamodzi imadziwika, ndipo dalaivala wake amapezeka akuimitsidwa nthawi zonse ngakhale pamene sanalakwe, popeza amene analawa sasiya kufunafuna chifukwa.

Kulimbikira lisiti sikutanthauza kuti liwiro ndi nkhani yaing'ono. Galimoto ikawirikiza liwiro kawiri, mtunda umene imafuna kuti iime mabuleki atapondedwa umawirikiza pafupifupi kanayi, ndipo thiraki yodzaza simenti kapena feteleza imene ikutsika mapiri a ku Namwera kulunjika pamlatho wa Bakili Muluzi imafika pamalo amene akabaza atanyamula mabasiketi a usipa, ana asukulu ndi mbuzi amagawana msewu umodzi. Dalaivala amene wathamangadi pamalo otere alibe chodandaula, ndipo ayenera kulipira mosawiringula.

Komabe mlandu sungathere pa dalaivala yekha. Mwini thiraki amene amalamula kuti katundu wopakiridwa ku Blantyre madzulo akafike pa Chiponde kusanache, kapena amene amalipira wantchito potengera kuchuluka kwa maulendo pamene alawansi ya panjira ndi yosakwanira n'kugonera komwe, ndiye amene waponda mafuta ngakhale ali khale muofesi, ndipo si chilungamo kuti chindapusa chonse chidulidwe pamalipiro a munthu amene amangotsatira lamulo la bwana. Apa ndi pamene lisiti imakhala chida cha dalaivala, chifukwa ndi pepala lokhalo limene angalitengere kwa bwanayo, ku bungwe la madalaivala la Professional Drivers Union of Malawi kapena kuofesi yoona za apantchito pofuna kuonetsa kuti nthawi imene anapatsidwa sinali yotheka popanda kuswa lamulo, pamene ndalama yoperekedwa pawindo siisiya chizindikiro chilichonse ndipo imachoka m'thumba lake basi.

Nthambi ya boma yoona za pamsewu ya Directorate of Road Traffic and Safety Services pamodzi ndi bungwe la Roads Authority abwezeretse zikwangwani za liwiro zimene zinagwa kapena kubedwa m'misewu ya Mangochi, chifukwa kutchera kamera pamalo opanda chikwangwani kumangopereka mpata wa zokambirana zapawindo. Madalaivala nawo akaimitsidwa aitanitse buku la malisiti asanatulutse ndalama, ndipo wapolisi akanena kuti bukulo latha, apemphe kukalipirira kupolisi ya Mangochi kapena kukaonekera kukhoti.