Lamulo la Zaka 15 Limasule Manja a Oweruza

Makolo a kumidzi amene ana ao anapita ku Lusaka kukafuna nchito ayenera kudziwa gawo 294 la malamulo a milandu, Penal Code. Gawoli likuti munthu akaba ali ndi cida, kapena ali ndi mnzake mmodzi cabe, nacita ciwawa kapena kuopseza, akhale m'ndende zaka zosacepera 15. Woweruza sangacotsepo ngakhale tsiku limodzi.

Anyamata awiri a ku Kabwata akakankha mayi pa siteshoni ya basi mumzinda namlanda foni, mlandu wao uli pa gawo lomwelo ndi wa zigawenga zothyola nyumba ku Chelstone ndi zikwanje. Anyamatawo ndi mbala ndithu, ndipo mayiyo ayenera kuona cilungamo. Koma ngakhale woweruza wa ku High Court aone kuti ndi mlandu wao woyamba, kuti auvomera, kuti foni yabwezedwa, manja ake ndi omangidwa. Belo nayonso saloledwa podikira mlandu. Mnyamata alowa alibe ndevu, akatuluka munda wa atate wake utamera thengo.

Nanga bwana wa ku Kabulonga kapena Woodlands amene waba ndalama za Boma ndi colembera, ndalama za mankhwala ndi feteleza? Pa gawo 277, la kuba kwa wanchito wa Boma, palibe zaka zimene woweruza akakamizidwa kuyambirapo. Bwanayo loya wake amudandaulira, ndipo khoti limvetsera. Kodi khutu la khoti ndi la okhala m'mipanda yaitali okha?

Ndende nazo zasefukira. Bungwe la Human Rights Watch linalemba mu 2010 kuti ndende zomangidwira anthu 5,500 zinali kusunga 15,300, ndipo cifuwa cacikulu cinali kufalikira m'menemo. Wodyetsa akaidi onsewo ndi wokhoma msonkho.

Ena akuti kufewetsa lamulo ndi kuitana akuba. Amenewa awerenge bwino: cilango ca moyo wonse m'ndende cili pa gawo lomwelo, ndipo palibe afuna kucicotsa. Cigawenga cilandirebe zaka zake.

Mu December 2022 Nyumba ya Malamulo ndi President Hakainde Hichilema anacotsa cilango ca imfa m'buku lomweli. Aphungu abwererenso ku gawo 294, afafanize mau akuti zosacepera 15, woweruza ayese mlandu uliwonse pa wokha. Nthambi za kumidzi zifunse aphungu ao za nkhaniyi pa msonkhano ukubwerawu.